Dzina la Agogo Silipita M'madzi

Agogo anga aamuna, aMbewe, akandibwerera m'mutu, limayamba kufika ndi fungo: makala akunyeka, chikopa cha mbuzi cha mvukuto chitatenthedwa ndi dzuwa, ndi kautsi kowawa kaja kamene kamatuluka chitsulo chofiira chikaviikidwa m'madzi. Anali wosula makasu. Chipala chawo chinali kuseri kwa mudzi wathu ku Dowa, kachisakasa kaudzu kopanda zipupa, ndipo kuyambira mmamawa mpaka dzuwa kupendeka mudzi wonse unkamva nyundo yawo, ngwe, ngwe, ngwe, moti tsiku limene sinamveke amayi kuchitsime ankafunsana ngati kwathu kwagwa zovuta.

Wovukuta moto ndinali ine. Inali ntchito ya anyamata, koma anyamata a kwathu anali kusukulu, ine kusukuluko sanandipititse. Ndinkakhala pansi miyendo tambalale, mikono ikusinthana pa mvukuto mpaka mapewa kuwotcha, phulusa lili mbuu m'tsitsi. Anthu odzagula makasu akadandaula kuti mwana wamkazi safunika pachipala, agogo sankadzutsa n'komwe mutu.

"Ameneyu ndi mkazi wanga wamkulu," ankatero, monga amachitira agogo poseka ndi mdzukulu. "Ukamuchotsa, ukavukute ndiwe ndi mimba yakoyo."

Lero ndili ku Scarborough, m'nyumba ya pamwamba zedi yoti ukasuzumira pawindo mabasi amaoneka ngati tiziwala. Anandiitanitsa mwana wanga Esinati, amene amasamalira nkhalamba zodwala ku Markham. Ndipo chimene chawadzutsa agogo m'manda muno m'dziko lozizira ndi dzina lawo.

Chaka chatha Esinati ndi mwamuna wake analowa mpingo wa anyamata aja amayenda awiriawiri, malaya oyera, kachikwangwani kakuda pamtima. Ine ndilibe nawo chifukwa. Ndi ana aulemu, amavula nsapato pakhomo, akadya amatsuka mbale. Koma mpingowo uli ndi mwambo wake: amati munthu wamoyo angalowe m'madzi kubatizidwa m'malo mwa wachibale amene anafa kalekale, bola dzina lake lenileni lidziwike. Esinati anayamba kundifunsa mayina a makolo. La bambo ake ankalidziwa yekha. La amayi anga ndinamupatsa mosavuta, chifukwa amayi aja madzi alionse a mpingo akanawalandira ndi manja awiri. Kenako anafika pa agogo.

"Amayi, Mbewe ndi mfunda chabe. A Mbewe alipo ambirimbiri. Dzina lawo lobadwa nalo linali ndani?"

Ndinamuuza kuti limenelo lisiye.

Kwathu munthu wamkulu satchulidwa dzina la paubwana. Amene ankalidziwa la agogo anali anzawo obadwa nawo, ndipo onsewo anapita. Watsala nalo ndine ndekha, ndipo Esinati akudziwa zimenezo.

Masiku omwewo mdzukulu wanga Takondwa, mwana wa Esinati amene ali pakoleji ku Oshawa, ankabwera Loweruka ndi buku la kulaibulale, lonena za moyo wa munthu amene anayambitsa mpingowo. Ankafuna kudziwa chimene chawagwira makolo ake. Ankawerenga m'Chingerezi, n'kumandimasulira m'Chichewa chake chothyokathyoka chija, ine ndikusadzula masamba.

"Gogo, anali mnyamata wa pafamu, osauka kwambiri. Mipingo inali kulimbana m'tauni mwawo, aliyense akuti bwera kwa ife. Ndiye iye anakonfyuzika, anapita m'nkhalango kukapemphera. Akuti anaona kuwala, ndiye anamva mawu oti usajoine mpingo uliwonse."

Ndinasiya masamba aja.

"Bwereza pamenepo."

Anabwereza. Kenako anapitiriza, Loweruka ndi Loweruka: za mngelo amene anamulozera mapale agolide olembedwa, okwiriridwa paphiri limene akuti lili kutsidya kwa nyanja ino ya Ontario, za anthu akumuseka, za tsiku limene anamukoka m'nyumba n'kumupaka phula ndi nthenga, za kuthamangitsidwa mzinda ndi mzinda mpaka gulu la anthu olusa linakamuphera m'ndende. Pena bukulo linkanena mawu amene mayi a mnyamatayo ankayankhula kukhitchini, ngakhale zimene ankaganiza akusenda mbatata.

"Wolembayo analipo kukhitchiniko?" ndinafunsa.

"Ayi, gogo, zinachitika kalekale. Zina ndi zoona, zina amangoganizira kuti mwina ananena chonchi."

"Chabwino. Tseka bukulo pang'ono, umve zanga. Ine zanga sindiganizira, ndinalipo."

Kwathu kunali mipingo iwiri, wina kumtunda, wina kutsidya kwa dambo, ndipo inkalandana anthu ngati mbeta. Wakumtunda ukamanga sukulu, wakutsidya nawo ukumba chitsime. Mabanja ankagawikana, mlongo kuno mlongo uko, pamaliro n'kumakangana za nyimbo. Agogo sanali konse kuwiriko, ndipo anthu ankawatchula wakunja. Ana anzanga ankandiimba kuti mdzukulu wa nkhuni za kumoto.

Tsiku lina ndinafika pachipala ndikulira ndi mawu amenewo. Agogo anatulutsa chitsulo pamoto ndi chopanira, nachimenya mpaka chinazirala, ndiye anayamba kuyankhula.

"Ndili mnyamata ndinalowa kalasi kumtunda. Akutsidya anabwera kudzandiuza kuti akumtunda akupita kumoto. Ndinapita kutsidya, akumtunda anabwera kudzandiuza zomwezo. Ndinasiya kudya, mkazi wanga, chifukwa moto ndimaudziwa, si chinthu chosewera nacho. Ndiye ndinakwera phiri ilo kukatema mitengo ya makala, ndinagwada pamwala, ndinati: Inu amene munapanga chitsulo, ndiuzeni ndipite kuti. Kunali zii, ngakhale mbalame. Kenako ndinamva mawu apa," anagwira kumbuyo kwa khutu, "akuti: Bwerera kuchipala chako, ndizikupeza komweko."

"Munawaona?"

"Ukamamva nyundo yanga uli kuchitsime umandiona?"

Sanayambitse mpingo, sanakokere munthu aliyense kwa iwo. Mmamawa uliwonse asanakoleze moto ankavula chipewa, n'kuima chete pang'ono atayang'ana makala, milomo ikugwedera, basi. Belu la kumtunda, limene linali chidutswa cha njanji chopachika mumtengo, mbedza yake anasula ndi iwo. Lakutsidya litang'aluka anakonzanso ndi iwo, osalandira kanthu. Ine nditafuna kulowa kalasi ya ubatizo anandiperekeza okha mpaka pampanda wa tchalitchi, n'kuima pomwepo.

"Pita. Ako mawu ukamva wekha. Anga ndinamva kale."

Mkulu wa mpingo wakumtunda anali aGidiyoni, mnzawo woweta naye mbuzi paubwana. Ankabwera pachipala pafupifupi tsiku lililonse, kukhala pachitsa, kufwenkha fodya wa agogo, kwinaku akuwalalikira.

"Mbewe, tsitsi layera ilo. Madzi pang'ono chabe pamutu, tikupatse dzina la m'buku. Ndakusungira labwino, Yeremiya."

"Yeremiyayo anamwalira osasiya ana, kuti dzina lake lizisowa mwini?"

"Udzapsa, iwe."

"Ndakhala pamoto moyo wonse, Gidiyoni. Iwe ndi amene sunazolowere."

Ankaseka onse mpaka kutsokomola, mawa n'kuyambiranso.

Chaka chimene ndinayamba kumera mawere agogo anadwala chifuwa. Nyundo inasiya kumveka. Anagona m'kanyumba kawo pamphasa, mpweya ukulira ngati mvukuto wobooka, ndipo nthawi zina ankakomoka theka la tsiku osadziwa amene walowa. Amayi anga, mwana wawo woyamba, anali mayi wa mpingo wolimba, ndipo chinkawadya ndi chinthu chimodzi: munthu wosabatizidwa maliro ake mpingo suimba. Ankaona kale manyazi a maliro a zii, bambo awo akunyamulidwa ngati thumba la chimanga, akazi anzawo akunong'onezana.

Mmawa wina ndikuwamwetsa phala, agogo anandigwira dzanja. Dzanja lija linali lidakali lolimba, lokhakhala ngati khungwa.

"Mkazi wanga, amako akupangana ndi Gidiyoni, ndawamva kuseli uku. Akudikira ndikomoke kuti andithire madzi. Ndikadzuka ndidzapeza ndine Yeremiya. Iwe uzikhala pakhomo."

"Andimenya, agogo."

"Akumenya, inde. Sendera kuno."

Ndinasendera, ndipo anandinong'oneza dzina lawo, limene amayi awo anawapatsa tsiku lotuluka m'chikuta. Ndinachita manyazi ngati ndawaona osavala.

"Akakugonjetsa, akandilemba dzina lina pamtanda, pakhale munthu mmodzi wodziwa amene wagona pansipo. Ndakupatsa kuti usunge, osati ugawe."

Anabwera masana a tsiku lotsatira, dzuwa lili pamutu, agogo ali chikomokere. Patsogolo aGidiyoni atavala jekete lawo la Lamulungu, pambuyo amayi atanyamula beseni loyera la madzi, ndi amayi ena awiri akung'ung'udza nyimbo. Anandipeza nditakhala pakhomo, miyendo nditapingasa.

"Choka apo," anatero amayi.

"Agogo akana."

"Agogo ako sakuyankhula. Choka."

Sindinachoke. Amayi anaika beseni pansi kuti andikoke, ine n'kuliponda ndi chidendene. Madzi onse anathira nsapato za aGidiyoni, beseni n'kugubuduka mpaka pankhokwe, nkhuku zikubalalika. Amayi anazula nsungwi pampanda. Anandikwapula m'miyendo, kumsana, m'manja momwe ndinagwira mphuthu ya chitseko, koma sindinasiye, ndinkangokuwa. Kukuwako ndi kumene kunawadzutsa agogo.

"Ndani akumenya mkazi wanga?"

Mawuwo anali ang'ono, koma nsungwi inaima m'malere. AGidiyoni anawerama n'kusuzumira m'nyumba, ndipo agogo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Gidiyoni, ndinakukana maso ali otsegula, zaka zonsezi, fodya wanga ukufwenkha. Lero ukufuna undibe ndili m'tulo?"

AGidiyoni anavula chipewa. Ndinaona misozi ikutsikira m'ndevu zawo.

"Ndimafuna tikaonane kumwamba, mbale wanga. Palibe china."

"Ukafika ukandifunse. Akakulozera kumene kukumveka nyundo."

AGidiyoni anatola beseni okha, nalipereka kwa amayi, nawauza kuti madzi ena asatungenso. Agogo anamwalira sabata yomweyo. Maliro awo mpingo sunaimbe, monga amayi ankaopera, ndipo pamanda sipanazikidwe mtanda. AGidiyoni anabwera opanda jekete, anakhala pansi pamodzi ndi amuna ena. Amayi sanandiyankhule mpaka chimanga chitalowa m'nkhokwe, ndipo mpaka imfa yawo ankati ndine ndinatsekera bambo awo chitseko cha kumwamba. Zipsera za nsungwi ija zina zidakalipo kuseri kwa mwendo uku.

Takondwa nditamusimbira zonsezi anangoti, "Mami akudziwa?" Ndinati akudziwa mbali yake, ya kuti agogo anali wakunja wouma mutu. Esinati anaimva kwa agogo ake aakazi, amayi anga aja.

Lamulungu lina masana Esinati anaitana anyamata aja kudzadya nsima ya nkhuku. Ndinadziwa kuti nkhuku imeneyo yafera ine. Mmodzi mwa iwo anali watsopano, mwana wa ku Lusaka, woyankhula Chinyanja cha kwawo, ndipo anamubweretsa dala kuti ndimve bwino popanda womasulira. Titadya anapukuta m'manja, n'kukhala mogwada pafupi ndi mpando wanga.

"Ambuya, ndamvako nkhani ya ambuya anu aamuna. Ife sitikakamiza munthu, olo wamoyo olo wakufa. Tikabatiza m'malo mwawo, kuja kumene ali asankha okha, kuvomera olo kukana. Ife tingotsegulako chitseko chabe."

Anayankhula bwino mwanayo, mofatsa, ndipo ndinaona kuti akukhulupirira zimene akunena.

"Mwana wanga, dzina lako ndani?" Anandiuza. "Chabwino. Mneneri wanu uja, ali mnyamata, anapita m'nkhalango kukafunsa mpingo woti alowe. Anamuyankha chiyani?"

Anamwetulira, kukondwa kuti ndikuidziwa nkhaniyo. "Anamuuza kuti asalowe uliwonse, ambuya."

"Anthu atamuseka, anasintha?"

"Sanasinthe."

"Atamupaka phula?"

"Sanasinthe, mpaka anamupha."

"Ndiye inu mumamulemekeza chifukwa cha kuuma mutu kumeneko. Mwawoloka nyanja, mwasiya amanu akulira ku Lusaka, kudzagogoda m'makomo a eni m'chisanu chino chifukwa mnyamata wa pafamu anakana kusintha zimene anamva. Agogo anga nawo anakwera phiri, anafunsa funso lomwelo, anamva zawo, anafa osasintha. Wanuyo mukuti mneneri. Wangayu mukuti tim'konze."

"Sitikuti analakwa, ambuya. Mwina kuja anaphunzira zina, afuna mpata."

"Ngati akufuna mpata, ali pafupi ndi mwini madzi kuposa iwe ndi ine. Apempha okha, pakamwa anali napo. Koma ine chimene ndinamva ndi makutu anga ndi ayi. Munthu anayankha ali moyo, mukufuna mukam'funsenso poti tsopano sangakuyankheni pamaso?"

Mnyamatayo anayang'ana pansi. Amene anayankha ndi Esinati.

"Amayi, bambo anamwalira ine ndili kuno, sindinaponye ngakhale dothi pamanda awo. Abale anga ali ku Joni, ena ku Lilongwe, manda athu ali ku Dowa, ana anga Chichewa chikuwathawa. Ndapeza malo amene akundiuza kuti tonse tingamangidwe pamodzi, osasiyananso. Ndikufuna pasatsale munthu kunja. Chalakwika n'chiyani pamenepo? Ndinakutengani, ndimakusamalani, sindinakupempheniko kanthu. Ndapempha dzina limodzi."

Zinandilasa, chifukwa mwanayo sananame. Amadzuka kusanache kukasambitsa makolo a eni, kubwera miyendo itatupa, n'kudzandipakanso ine mafuta m'mawondo. Mwamuna wake anatsokomola, n'kunena chapansipansi kuti m'nyumba anthu amafunika kuthandizana, makamaka poti mapepala anga okhalira kuno amasainira ndi iwo.

Ndinatembenukira kwa iye. "Bambo a Takondwa, ngati dzinalo ndilo lendi ya chipinda chija, ndiuzeni lero ndimange katundu. Ku Dowa khasu ndidakagwira."

"Sindinatero, amayi."

"Ndiye musatsokomole ngati mwatero."

Kenako ndinamugwira Esinati dzanja, ngakhale ankalibweza. "Chilichonse changa tenga. Ndikafa ine, ukafuna ukandibatize kasanu, ndakulola, dzina langa ukulidziwa. Koma ili si langa. Anandisungitsa, ndipo anandisungitsira tsiku ngati lalero."

"Mukafa lifa nanu," anatero. "Palibe adzawakumbukire dzina."

"Eya. Lidzapita kwa mwini wake."

Anyamata aja anatsuka mbale mwakachetechete, natsanzika. Wa ku Lusaka uja pakhomo anandigwira dzanja ndi manja awiri, ndipo amabwerabe, koma nkhani ija sanaiyambitsenso.

Esinati ndiye sanaisiye. Sakalipa, amandipakabe mafuta, koma m'nyumba muno mawu achepa. Tsiku lina akupinda zovala anandiuza, osandiyang'ana, kuti nkhalamba za kuntchito kwake mutu ukayamba kusokonekera zimatulutsa zonse, mayina a zibwenzi zakale, a ana amene anafa ali makhanda, zimangoitana. Anati iye sathamanga, adikira.

Mawu amenewo ndi amene ndikuyenda nawo masiku ano, chifukwa ndikudziona. Ndayamba kuiwala nambala yodina mu lifiti. Dzana ndinaika tiyi mufiriji. Dzina lija lidakali pamalo pake, lotsekeredwa bwino, koma chitseko chake ndi mutu wanga womwewu.

Loweruka lapitali ndinamuitanira Takondwa kuchipinda, n'kutseka.

"Gogo, mukufuna mundiuze dzina? Sindiuza munthu, ndikulumbira."

"Sindikuuza. Ulibe mapewa ake, amako angakufinye mpaka ulitulutse. Ndikufuna china. Tsiku limene ndidzayambe kubwebweta, kuitana anthu amene kulibe, iwe udzabwere kuchokera ku Oshawa kwakoko. Udzakhale pafupi nane. Ukadzaona amako atenga cholembera, udzayatse wailesi mokweza, udzaimbe, udzagwetse mbale, chilichonse."

Anaseka, kenako anaona kuti ine sindikuseka.

"Gogo, Mami adzandipha."

Ndinakweza chitenje n'kumuonetsa kuseri kwa mwendo. Anawerama, nagwira zipserazo ndi chala, chimodzichimodzi.

"Sadzakupha," ndinamuuza. "Adzakwiya mpaka chimanga chilowe m'nkhokwe, basi."

"Kuno kulibe nkhokwe, gogo."

"Ndiye konzeka, zidzatenga nthawi."

Anayang'ana chitseko. Kenako anafunsa kuti mbale zake ziti, zagalasi kapena zachitsulo. Ndinamuuza kuti zachitsulo, zimalira kwambiri ndipo amake sadzalira nazo.